WODWALA NYAMAKAZI PA ULENDO WA PA NDEGE

Nkhani imene inakambidwa kwa makolo a ku Dowa ndi ku Ntchisi

Mwezi wathawu makolo ambiri ochokera ku midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi anasonkhana pa Mponela kudzamva mthandizi wa dokotala akukamba za matenda a nyamakazi. Panali mafumu, akulu a mipingo, ndi amayi ambiri ndithu. Mbali imene anthu anaikonda koposa inali ya ulendo wa pa ndege, ndipo mawu ake alembedwa pano kuti amene sanafike amve nawo.

ULENDO WA KALE NDI WA LERO

Poyamba wolankhulayo anafunsa ngati alipo amene anakwerapo ndege. Manja angapo anakwera, onse a abambo a imvi. Awa ndi aja anapita ku migodi ya ku Joni pa ndege za Wenela, zimene kufikira chaka cha 1974 zinkanyamula anyamata a kuno kukawatula ku Francistown, m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda. Iye anati nthawi imeneyo abambowa anali ndi maondo olimba, ndipo sanadandaule kanthu. Lero akuitanidwanso ku Joni komweko, koma oitana ndi ana awo, ndipo maondo aja ndi ena.

Anakumbutsa anthu kuti bwalo la ndege la Kamuzu, limene linayamba kugwira ntchito mu 1983, lili ku Lumbadzi, pakhomo penipeni pa anthu a ku Dowa. Makolo ena amadzera pamenepo kukaona zidzukulu ku Johannesburg kapena ku Ulaya, ndipo ena amatumizidwa ku zipatala za ku India. Ulendo wa ku Johannesburg utenga maola 2 ndi theka ngati ndege siima pa Chileka. Wa ku Addis Ababa utenga pafupifupi maola 4, ndipo wopitirira ku London akhalanso pansi pafupifupi maola 8. Ndipo kukhala pansi sikuyambira m'ndege ayi. Munthu wa ku Ntchisi ayamba wapanikizika m'minibasi kufika pa Mponela, nakweranso ina mu msewu wa M1, kenaka nkudikira pa bwalo maola 2 kapena 3. Pokwera ndege maondo amakhala atauma kale.

CHIFUKWA CHAKE MFUNDO ZIMAUMA

Mthandiziyo anati dzina lakuti nyamakazi limaphimba matenda angapo. Wofala koposa ndi uja wa kutha kwa mfundo. Pamene mafupa awiri akumana, nsonga zake zimakutidwa ndi kafupa kofewa koterera, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tofewetsa. Ndi ukalamba, ndi kusenza katundu, ndi kukwera ndi kutsika zitunda zaka zambiri, kafupa kaja kamaperepeseka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti mu 2019 anthu okwana 528 miliyoni anali ndi nyamakazi ya mtundu umenewu, ambiri a iwo amayi, ndipo mfundo yovutika kawirikawiri ndi bondo. Mtundu wina ndi uja wotupitsa timfundo ta zala za manja onse awiri, umene umaumitsa munthu m'mawa kwa ola lathunthu kapena kuposa. Winanso ndi uja wogwira chala chachikulu cha kuphazi mwadzidzidzi, kawirikawiri munthu atadya nyama yambiri ndi kumwa mowa.

Mitundu yonseyi, iye anati, igwirizana pa chinthu chimodzi: mfundo yodwala imadana ndi kukhala malo amodzi. Anapereka chitsanzo cha ngolo. Ngolo imene yagwira ntchito nyengo yonse yokolola imayenda bwino, koma yoimikidwa paseri pa nyumba dzinja lonse imalira ndi kukakamira tsiku loyamba. Bondo la nyamakazi silidikira dzinja. Ola limodzi pa mpando likwanira.

M'ndege muli zinanso zowonjezera vutoli. Mipando ndi yothinana, kotero maondo amakhala opindika. Mumazizira, ndipo mpweya wake ndi wouma kwambiri, woumitsa kukhosi. Mpweyawo ndi wopepukanso, wonga wa pamalo okwera mamita 1,800 kufikira 2,400, ndiko kuti kuposa pamwamba pa phiri la Ntchisi. Munthu akakhala chikhalire miyendo ili lende, mapazi amatupa ndipo nsapato zimathina.

ZOCHITA ULENDO USANAFIKE

Iye anati wa nyamakazi apite ku chipatala, kaya ku Dowa, ku Ntchisi, ku Mponela kapena ku Madisi, kudakali masabata awiri kapena atatu, akanene kuti ali ndi ulendo wa pa ndege. Atenge mankhwala okwanira masiku onse a ulendo, ndi ena apadera. Amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, kapena anachitidwa opaleshoni posachedwa, asabise.

Mwana amene akugula tikiti auzidwe zinthu ziwiri. Choyamba, apemphe mpando wa m'mbali mwa kanjira, osati wa pa zenera, kuti kholo lake lithe kuimirira osadzutsa anzake. Chachiwiri, ngati khololo limavutika kuyenda mtunda, apemphe mpando wa matayala, umene ena amati chikuku, kudakali masiku awiri. Thandizo limeneli ndi laulere. Mabwalo akulu monga la O.R. Tambo ku Johannesburg ndi la Bole ku Addis Ababa ali ndi makonde aatali, ndipo munthu wokankha chikuku amadziwanso khomo loyenera, kotero wokalamba sasokera. Mipando ya pa khomo lothawira pa ngozi ili ndi malo aakulu otambasulira miyendo, koma siipatsidwa kwa munthu wovutika kuyenda, chifukwa wokhala pamenepo ayenera kukhala wamphamvu zotsegula chitseko.

Mankhwala onse akhale m'kachikwama ka m'manja, m'mapaketi ake a kuchipatala, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Sutikesi yaikulu imalowa kunsi kwa ndege, ndipo nthawi zina imafika mochedwa. Mankhwala opaka kapena amadzi asapitirire mamililita 100 pa botolo, pokhapokha pali kalata ya dokotala. Mizu, makungwa ndi ufa wa zitsamba womangidwa m'kapepala zisiyidwe kunyumba, pakuti maiko ambiri salola zomera kulowa, ndipo zimautsa mafunso ambiri pa chipata.

Za zovala anati munthu avale zomasuka ndi nsapato zofewa zopanda chidendene chachitali, osati zatsopano zogulira ulendo. Atenge juzi, ndipo amayi atenge chitenje chapadera chofunda m'maondo. Anthu a ku mapiri amadziwa mphepo ya June ndi July, koma adziwe kuti miyezi yomweyo ku Johannesburg kumazizira koposa kuno.

ZOCHITA M'NDEGE

Apa mthandiziyo anatenga mpando nauika pakati pa bwalo kuti aonetse. Pokwera makwerero a ndege, iye anati, mwendo wabwino utsogole. Potsika, utsogole wodwalawo. Ndodo igwidwe ku dzanja la mbali imene siidwala. Ndodoyo imaloledwa m'ndege ikapimidwa pa makina, ngakhale otumikira amaisunga pamene ndege ikunyamuka ndi pamene ikutera.

Atakhala pa mpando anaonetsa zochita miyendo pa theka la ola lililonse. Kukweza zidendene zala zili pansi, kenaka kukweza zala zidendene zili pansi, kakhumi. Kuzunguza phazi lililonse uku ndi uku. Kuwongola bondo mmene malo alolera, nkulibweza pang'onopang'ono. Kufumbata ndi kutambasula zala za manja, ndi kuzunguza mapewa. Anthu onse anayesa pamodzi naye, ndipo panali kuseka kwambiri. Anati pansi pa mpando wa kutsogolo pasadzazidwe katundu, pakuti ndiwo malo a mapazi, ndipo kupingasa miyendo sikufunika.

Pa ulendo wautali, munthu aimirire nayende m'kanjira pakatha ola limodzi kapena awiri, malinga ngati nyale ya lamba yazima. Nyaleyo ikayaka akhale pansi namange lamba, pakuti ndege ikhoza kugwedezeka. Juzi yopindapinda yoika kumsana imathandiza wodwala msana. Amwe madzi kawirikawiri, koma mowa ndi mankhwala ogonetsa azipewe, chifukwa zimagonetsa munthu maola ambiri osatembenuka.

Pamenepa iye anatsindika mawu. Anati chimene chimapweteka makolo ambiri m'ndege ndi manyazi. Amayi ena amakana madzi ndi tiyi ulendo wonse poopa kufunsa kumene kuli chimbudzi. Abambo ena amakhala chiwumire maola onse, poganiza kuti kuimirira pakati pa alendo ndi mwano. "Makolo anga," iye anati, "anyamata ndi atsikana otumikira m'ndege analembedwa ntchito yothandiza inu. Pamwamba pa mutu wanu pali kabatani kowaitanira. Safunsa anadya phula." Anawonjeza kuti wosadziwa Chingerezi apemphe mwana wa sukulu amlembere kapepala konena za matenda ake ndi thandizo limene afuna, nakaonetse kwa otumikirawo.

ZA MANKHWALA

Wolankhulayo anati kumwa panado ola limodzi ulendo usanayambe kumathandiza ambiri, malinga atsate muyeso umene a chipatala alemba. Anachenjeza za bufeni, indosidi ndi diclofenac, amene anthu amagula m'magolosale ndi m'misika. Mankhwala atatuwa ndi a banja limodzi, ndipo sayenera kumwedwa awiri pamodzi kapena pa mimba ya njala. Akhoza kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, makamaka mwa okalamba. Amene amamwa prednisolone masiku onse asaleke mwadzidzidzi chifukwa cha ulendo. Za nthawi yomwera mankhwala anati koloko ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi ya kuno, ya ku Nairobi ndi ku Addis Ababa ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo ya ku India ili patsogolo ndi maola 3 ndi theka.

KUTUPA KUMENE SIKULI NYAMAKAZI

Mthandiziyo anapempha anthu kuti amvetsetse mbali iyi koposa zonse. Munthu akakhala osagwedeza miyendo nthawi yaitali, magazi akhoza kuundana m'mtsempha wa mkati mwa mwendo. Mu 2007 bungwe la WHO linalengeza kuti ngozi imeneyi imawirikiza kawiri pa ulendo wopitirira maola 4, kaya pa ndege, pa basi kapena pa sitima. Sichichitika kwa ambiri, koma chikachitika chikhoza kupha, pakuti chibuma cha magazicho chimatha kuthothoka nkukatseka m'mapapo.

Vuto ndi lakuti wa nyamakazi anazolowera ululu, ndipo amati ndi matenda ake a masiku onse. Kusiyana kwake ndi uku: nyamakazi imapweteka pa mfundo, ndipo kutupa kwa ulendo kumagwira mapazi onse awiri nkutha munthu akayenda kapena akagona. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa pa katumba, kumbuyo kwa mwendo pansi pa bondo, nkumatentha ndi kupweteka, munthu asausisite kapena kuuthowa, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Akayamba kubanika kapena kumva kulasa m'chifuwa, athamangitsidwe nthawi yomweyo. Zimenezi zikhoza kuoneka ngakhale patapita masabata angapo, munthu atabwerera kale kumudzi, kotero auze a chipatala kuti anali pa ulendo wautali.

MAFUNSO

Agogo ena aakazi a ku Ntchisi anafunsa kuti: "A dokotala, mwana wanga wanditumizira tikiti kawiri konse, ine ndikukana chifukwa cha maondowa. Kodi sindikafera m'mwamba?" Mthandiziyo anayankha kuti: "Agogo, ngati munatha kukwera minibasi kufika pano lero, ndege ya ku Joni simungailephere. Nyamakazi yokha siiletsa munthu kuuluka. Bwerani ku chipatala tikupimeni mtima ndi magazi, ndipo zikakhala bwino pitani mukaone zidzukulu."

Bambo wina anafunsa za masokosi othina amene anaona kwa mlamu wake. Yankho linali lakuti masokosi amenewo amachepetsa kutupa ndi kuundana kwa magazi pa maulendo aatali, koma ayenera kukhala a muyeso wa mwendo wa munthuyo, ndipo wa shuga kapena wa zilonda za m'miyendo ayambe wafunsa a chipatala.

Wina anafunsa ngati basi ya ku Joni siiposa ndege, popeza ndi yotsika mtengo. Iye anati za ndalama aliyense adziwa thumba lake, koma basi yodzera ku Tete ndi ku Zimbabwe imatha usana ndi usiku ndi kupitirira, kotero kwa maondo ndiyo yowawa koposa. Wokwera basi atsike ndi kuyendayenda paliponse pamene yaima, ndipo achite zonse zija za miyendo.

Pomaliza anati munthu akafika asafulumire kuimirira ndi gulu. Ayambe wagwedeza mapazi ndi maondo, alole othamanga atsogole, ndipo wa chikuku adikire pa mpando wake mpaka amtenge. Madzulo asambe madzi ofunda, ayendeyende pang'ono pabwalo, nagone miyendo itasanjikidwa pa pilo.

A Gulupu amene anatsogolera msonkhano anathokoza mthandiziyo m'malo mwa onse, napempha mafumu kuti akafotokoze mawuwa m'midzi mwawo, makamaka kwa okalamba amene analephera kufika chifukwa cha miyendo yomweyo. Amene ali ndi mafunso ena afunse alangizi a zaumoyo a m'dera lawo kapena ku chipatala chimene ali nacho pafupi.