Ubwenzi wa pa Siteji

Pa msewu wa ku Mchinji, kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete, timaona anyamata a kabaza ataimika njinga zao zamoto pa siteji. Ndi ana athu omwe. Iwowa ndiwo amathamangira ndi mayi wodwala usiku kuchokera kumidzi ya ku Nsaru, kumene galimoto silifika. Mnzao akagwa amasonkherana ndalama, nakamzonda ku chipatala cha St Gabriel, chimene masisiteri a Karimeli adayambitsa mu 1959. Akamwalira amamperekeza onse, njinga zitandondozana mpaka kumanda. Zimenezi tikuyamika.

Koma tifunse: mnyamata wagwayo, kodi anzake sadamuone masana akumwa kachasu? Adamuona. Adamuonanso atakweza anthu atatu ndi thumba la feteleza, chipewa choteteza mutu atachikoleka pa chiwongolero. Adangoseka, poopa kudana naye.

Mngelo Rafaele adaperekeza Tobiyasi ulendo wonse, namubweza wamoyo kwa makolo ake. Tsono inu apampando a masiteji, mnzanu akaledzera mlandeni kiyi, mumkweze pambuyo panu, mukamtule kwao. Adzakutukwanani usikuwo. Njinga yake adzaitenga m'mawa.