Kusankha Mnzako wa Malonda: Mau a Mlembi wa Nthambi ya Tengani

Abale ndi alongo, mwandifunsa cifukwa cace anthu awiri akasonkherana ndarama kuti ayambe malonda sakhalitsa. Ndikuuzani za ine ndemwe.

M'caka ca 2014 ine ndi mlamu wanga tinagula bwato ndi maukonde. Ine ndinapereka ndarama, iye nkumakapha nsomba pa Shire. Tinapangana bwino za kugawana phindu la milamba ndi makakana, koma za tsoka sitinanenepo kanthu. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 atatenga bwato lija, iye anati ndarama zinali zanga, cotero mwini tsoka ndine. Ine ndinati wosunga bwato anali iyeyo. Mlandu unafika kwa amfumu, koma kalata panalibe, mboni panalibenso. Kufikira lero alongo anga amabwera okha kwathu.

Tsono musanasankhe mnzanu, yambani mwafunsa kumene anakongolako kale ngati anabweza. Pamenepo mfunseni poyera kuti, katundu akaonongeka adzalipira ndani? Akakwiya nalo funso limeneli mlekeni, angakhale ali mbale wanu. Akayankha bwino, bwerani naye kusukulu Loweruka pamodzi ndi mboni ziwiri, ndidzakulembereni pangano lanu m'kope.