Mbuna za ku Salima ndi Madzi Ake

 Nkhani yathu lero ndi ya kansomba kamene msodzi sakawerengera poguza khoka, pakuti sikadzaza mphika monga chambo kapena kampango, koma kamene kadatchukitsa nyanja yathu ya Malawi kumaiko akutali, ndiko mbuna. Ndipo popeza nsomba ndi madzi sizilekana, tikambanso za madzi amene imakhalamo, ndi kusiyana kwake ndi madzi a pampopi amene ife timamwa.

Munthu akapalasa bwato kuchokera ku gombe la Salima kunka ku chilumba cha Namalenje, kapena ku zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, naweramira m'madzi pamene nyanja yachita bata, adzaona pansi pali matanthwe osanjikizana, ndipo pakati pake pali piringupiringu wa tinsomba totalika ngati chala kapena chikhatho, tina tobiriwira monga thambo, tina tachikasu, tina ta mizere yakuda, tina ta mawangamawanga. Akayang'anitsitsa adzaona kamodzi kataimika mutu pansi, kakupala ndere pathanthwe ndi timano take tosanjikana bwino. Adzaonanso katonde kake katadzilembera malire pa mphako yake, kakuthamangitsa mnzake aliyense wofika pafupi. Chodabwitsa choposa chili kwa yaikazi, pakuti ikaikira mazira imawatola ndi kuwafungatira m'kamwa pafupifupi milungu 3, osadya kanthu nthawi yonseyo, kufikira ana ataswa ndi kukhwima. Mbuna siikonda kuoloka mchenga woyera kapena madzi akuya, ndipo chifukwa cha ichi chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake, ina yosapezeka kwina kulikonse pansi pa thambo. Ndicho chifukwa chake boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980, momwe muli ndi zilumba za Maleri, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984.

Ambiri a inu a ku Salima mukudziwa pa Kambiri, pomwe malemu Stuart Grant, amene adatsikira kuli chete m'chaka cha 2007, adakhazikitsa ntchito yogwira nsombazi zamoyo ndi kuzitumiza kunja kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Anyamata odziwa kumira amazikola ndi maukonde ofewa. Zimene zagwidwa pakuya amazikweza pang'onopang'ono kuti zingatupe ndi kufa. Kumtunda zimasungidwa m'mathanki, ndipo tsiku la ulendo likafika zimalongedwa m'matumba apulasitiki okhala ndi madzi pang'ono ndi mpweya wochuluka, kenaka n'kukwera ndege ku Lilongwe. Potero kansomba kobadwira pathanthwe la kwathu kamakakalambira m'thanki lagalasi m'nyumba ya munthu ku Germany, ku America kapena ku Japan, ndipo mwini nyumbayo, ngakhale atakhala ndi chuma chotani, amayamba kulimbana ndi funso limene ife a kunyanja sitidzifunsa nkomwe, lakuti madzi oyenera nsombayi awatenga kuti.

Wina adzati, kodi si apo mpopi uli pakhomo, madzi ake oyera mbee? Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi a pampopi amathiridwa klorini kuti aphe tizilombo toyambitsa matenda, ndipo ichi n'chifundo chachikulu kwa munthu. Ife amene tidaona kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 akutenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno sitinganyoze klorini, ndipo ndikupemphani kuti musaleke kuthira WaterGuard m'ndowa za madzi akumwa. Komatu munthu amangomwa madzi, pamene nsomba imapuma madziwo usana ndi usiku, kuwapititsa pa ziwalo zofiira zija za kuseri kwa mutu wake, zimene khungu lake n'lopyapyala kwambiri. Klorini akafika pamenepo amaotcha, ndipo nsomba imayandama pamwamba ikuphaphatiza kamwa kufuna mpweya, kufikira itatsirizika. Klorini yemweyo amaphanso tizilombo tabwino tokhala m'sefa ya thanki, timene ntchito yake ndi kusandutsa zonyansa za nsomba kuti zisakhale ululu.

Amene amasamala koposa pa nkhani imeneyi ndi oweta zamoyo za m'nyanja yamchere. Kum'mawa kwathu, m'gombe la Mozambique, ku zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas, kuli makorali, amene pa maso aoneka ngati miyala yophuka nthambi, koma ndi tinyama ting'onoting'ono tomanga nyumba zake za laimu, tokhala m'madzi a mchere wokwana magalamu 35 pa lita imodzi, madzi oyera ndi osowa manyowa. Munthu wofuna kusunga makorali m'nyumba sayerekeza kutunga pampopi n'kuthira, pakuti ngakhale klorini atachoka, m'madzimo mumatsalira fosifeti ndi naitireti, zimene zimaberekesa ndere yophimba makorali ndi kuwatsekera dzuwa, ndiponso nthawi zina kopa wosungunuka m'mapaipi, amene ngakhale achepe chotani amapha nkhono, nkhanu ndi makorali omwe. Chomwecho amayamba wapititsa madziwo m'makina a reverse osmosis, amene amawakankha mwamphamvu pa kansalu ka timaenje tosaoneka ndi maso kufikira atatsala madzi okhaokha, ndipo pamenepo ndi pomwe amasungunulamo mchere wopangidwira ntchitoyi, woyezedwa bwino. Madzi a m'thanki akamaphwa, amawonjezera oyengedwa opanda mchere, pakuti monga mayi aliyense adziwa, ndiwo zikaphwera pamoto madzi ndiwo amachoka, koma mchere umatsala mumphika n'kumawawirawawira.

Tsono wina angaganize kuti madzi oyengedwa chotere ndiwo mfumu ya madzi onse, ndi kuti mbuna nayo ikaikidwamo idzakondwa. Koma si momwemo ai. Namalenga adapatsa cholengedwa chilichonse madzi akeake. Madzi a Nyanja ya Malawi, ngakhale tiwamwa osamva mchere pa lilime, ali ndi michere yochepa yochokera m'miyala ya zitunda zozungulira, ndipo pa muyeso umene akatswiri amautcha pH amakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, kutanthauza kuti alibe asidi. Kufunda kwake pamwamba kumakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29, ndipo popeza nyanjayi ndi yaikulu, yozama pafupifupi mamita 700, mkhalidwe wa madzi ake susintha mwadzidzidzi. Mbuna yoikidwa m'madzi oyengedwa okhaokha, opanda michere imeneyi, imafooka, chifukwa madzi otere sachedwa kusanduka a asidi, ndipo amaisukuluza michere ya m'thupi. N'chifukwa chake oweta mbuna a kunja amayala pansi pa thanki mchenga wa laimu kapena zigoba zophwanya, nawonjezera soda pang'ono, kuyesayesa kutsanzira chimene ife tili nacho kwaulere pakhomo.

Kwa inu aphunzitsi, eni malo ogona alendo, ndi ena amene mungafune kusunga nsombazi kuti ana ndi alendo aziona, mverani langizo ili, pakuti safunsa adadya phula. Pezani nsomba kwa okhawo amene ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya za Usodzi, ndipo musakagwire m'malire a paki. Ngati muli pafupi ndi nyanja, tungani madzi ake pamalo oyera, kutali ndi pochapira. Ngati mudalira mpopi, tungani m'chidebe chosavundikira, madziwo agone tsiku limodzi kapena awiri kuti klorini auluke. Koma kumene amathira mtundu wina wotchedwa kloramini, umene suuluka, pamafunika mankhwala ake ochotsera. Musasinthe madzi onse nthawi imodzi, koma gawo limodzi la magawo anayi pa mlungu, ofunda mofanana ndi akalewo, ndipo sefa muziitsuka m'madzi ochokera m'thanki momwemo.

Koma mtima wanga uli pa nyanja yeniyeniyo, imene ilibe mwini mmodzi woisinthira madzi. Mtsinje wa Linthipe, utalandira madzi a Diamphwe ndi a Lilongwe, umathira m'nyanja moyang'anana ndi zilumba za Maleri, ndipo aliyense wa kuno adaona m'nyengo ya dzinja momwe madzi ofiira amatambalalira kuchokera pamathiriro ake. Dothi limenelo ndi la minda yolimidwa kufikira m'gombe la mtsinje, ndi la mapiri ometedwa mpala ndi nkhwangwa ya makala. Likakhazikika pamatanthwe limakwirira ndere imene mbuna imadya, limatseka mphako zobisalamo ana, ndipo m'madzi amatope yaikazi imalephera kuzindikira mtundu wa mwamuna wake. Pamodzi ndi dothilo pamabwera feteleza wokokoloka ndi zonyansa za m'matauni, ndiye fosifeti ndi naitireti zomwe zija woweta makorali amataya ndalama zambiri kuzichotsa. Iye thanki lake likaipa amakhuthula ndi kuyambanso. Ife nyanja ikaipa tidzakhuthulira kuti? Madzi akatayika saoleka, ndipo chimene chidzapha mbuna lero chidzafikanso pa chambo, utaka ndi usipa, zimene ana athu amadyera nsima.

Chomwecho ndikudandaulirani, mafumu athu olemekezeka, gwiritsani lamulo loti anthu asalime m'gombe la mitsinje, ndipo bango, nsenjere ndi mitengo ya m'madimba zisiyidwe kuti zigwire nthaka. Alimi a kumtunda, ku Dedza, ku Lilongwe ndi ku Dowa, limani akalozera ndi kubzala vetiva, pakuti dothi likatsala m'munda mwapindula ndinu, ndipo nyanja yapuma. Asodzi, musatayire mafuta a injini ndi mapulasitiki m'madzi, ndipo lemekezani malire a paki. Amayi ndi abambo a m'madoko, kumbani zimbudzi kutali ndi gombe. Tetezani madzi akumwa ndi klorini kuti mukhale ndi moyo, ndipo tetezani nyanja ku matope kuti nsomba zikhale ndi moyo.