MBIRI YA DZIKO IYAMBIRE PAKHOMO PA MWANA

Awa ndi mau amene wanchito wa Boma wofalitsa nkhani analankhula kwa aphunzitsi a sukulu za pulaimale pa msonkhano wao m'Cigawo ca Kum'mawa.

Ndilankhule nanu za kaphunzitsidwe ka mbiri ya cigawo cathu ndi ya dziko lathu la Zambia. Ine sindine mphunzitsi, koma nchito yanga imandiyendetsa m'midzi ndi m'masukulu ambiri, ndipo zimene ndaona kumeneko ndizo ndabwera nazo lero.

Tsiku lina pa sukulu ina ya kumudzi ndinafunsa ana a Giredi 5 za tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira. Onse anayankha pamodzi ngati nyimbo kuti ndi pa 24 Okutobala 1964. Ndinafunsanso kuti, kodi ufuluwo usanabwere makolo athu anali kuvutika ndi ciani? Kalasi lonse linangoti zii. Nditachula dzina la Nsingo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza dzanja, cikhalireco sukuluyo ili m'dziko la Angoni. Sindiimba mlandu anawo kapena mphunzitsi wao. Koma mwana amene waloweza tsiku osadziwa nkhani ya tsikulo wabwerera kwao ndi dengu lopanda ufa.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi. Mbiri iyambire pakhomo pa mwana, ndipo kucokera pamenepo mphunzitsi amtsogolere pang'onopang'ono kufikira aone dziko lonse.

Taonani m'mene njirayi ingayendere kuno kwathu. Mwana wa ku Chipata auzidwe kuti m'caka ca 1835 Angoni, motsogozedwa ndi Zwangendaba, anaoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi pamene Luangwa athira, tsiku limene kunacitika kadamsana. Auzidwe kuti mu 1898 asilikari a Angerezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera ankhondo a kwao, anagwidwa naomberedwa mfuti, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Tauni imene lero tiicha Chipata atsamunda anaicha Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, pamene mbali ziwiri za dziko zinaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia.

Pamenepo mwana adzafunsa yekha kuti, nanga pambuyo pace kunacitika ciani? Mumuuze za msonkho wa nyumba umene unacotsa amuna m'midzi kukafuna ndalama ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndi pambuyo pace ku Copperbelt. Ku migodi ya mkuwa Mcewa ndi Mnsenga anagona m'komponi imodzi ndi Mbemba, Mlozi ndi Mlunda, naona kuti malipiro ao onse anali ocepa cimodzimodzi. Mu 1935 ananyanyala nchito, ndipo anthu 6 anaphedwa ku Luanshya. Mu 1940 ananyanyalanso, ndipo ku Nkana kunaphedwa anthu 17. Apa mwana wacoka m'mudzi mwace walowa m'mbiri ya dziko lonse, osazindikira n'komwe kuti wadumpha malire a cigawo.

Akafika pamenepa sadzavutika kumvetsa cifukwa cace anthu athu anakana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953 ndi kutha pa 31 Disembala 1963. Maina a Harry Nkumbula, Kenneth Kaunda, Simon Kapwepwe ndi Amai Julia Chikamoneka adzakhala maina a anthu enieni amene anali ndi cocita, ndiponso adzanyadira kumva kuti Waciwiri kwa Pulezidenti woyamba wa Zambia, Reuben Kamanga, anali mwana wa cigawo cino.

Tsopano ndikucenjezeni, pakuti pa njirayi pali dzenje. Mbiri ya cigawo ikaphunzitsidwa moipa imasanduka sukulu ya tsankho la mitundu, mwana nayamba kuganiza kuti a mtundu wace okha ndiwo ngwazi, ena onse ndi alendo. Mankhwala ace si kubisa zoona ai. Nzoona kuti Angoni anathira nkhondo Acewa ndi Ansenga natenga anthu ambiri ukapolo. Koma nzoonanso kuti anakwatirana nao, kotero kuti lero cilankhulo ca Angoni a Mpezeni cinacokera ku Cinsenga. Angoni ndi Abemba anamenyana kale ndi mikondo, koma lero ali pa cimbuya, amanyozana moseka ndi kuthandizana pa maliro. Mwana wa zaka 10 angathe kumvetsa zimenezi, ndipo palibe phunziro lina la umodzi loposa ili: adani a dzulo anasanduka abale.

Ndipemphanso kuti mbiri isathere pa usiku umene mbendera yathu inakwezedwa. Ana adziwe kuti University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndi kuti njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam inatha kumangidwa mu 1975. Adziwenso kuti kuyambira kumapeto kwa 1972 dziko linali pansi pa cipani cimodzi, kuti kunali masiku a mizere yaitali pa masitolo ndi zipolowe za mtengo wa ufa mu 1986 ndi 1990, ndi kuti mu 1991 zipani zambiri zinabweranso, Dr Kaunda nasiyira mpando Frederick Chiluba mwamtendere atagonja pa masankho. Mu 2011 ndi mu 2021 ulamuliro unasinthanso manja popanda nkhondo. Mwana amene wauzidwa zokoma zokhazokha adzamva zowawazo kwina akadzakula, ndipo adzaleka kukhulupirira ngakhale zoona zimene munamphunzitsa.

Ndidziwa kuti ena mwa inu muli kunena cam'mtima kuti mabuku ndi ocepa, ana ndi ambiri m'kalasi. Ndibvomereza. Koma zipangizo zina zili pafupi ndipo sizifuna ndalama. Coyamba, itanani akuluakulu a m'mudzi adzalankhule ndi ana. Munthu amene anali ndi zaka 15 mu 1964 tsopano wapitirira zaka 75, ndipo caka ndi caka tili kuwaika m'manda pamodzi ndi zimene adziwa. Ine ndinabadwa ufulu utapezeka kale. Za msonkho ndi citupa ndinazimva kwa agogo anga, ndipo ndimva cisoni kuti sindinazilembe akali moyo. Mau a akulu akoma akagonera, koma sagonera ngati palibe wowasunga.

Caciwiri, tumani mwana aliyense akafunse kwao dzina la amene anayamba mudzi wao, kumene anacokera, ndi tanthauzo la dzina la phiri kapena mtsinje wapafupi. Zimene abwera nazo zilembedwe m'buku limodzi losungidwa pa sukulu. Cacitatu, gwiritsani nchito zimene ana aona ndi maso: Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, ndi zojambula za makedzana pa matanthwe a Thandwe ndi Mkoma. Akabwerako, afunseni zimene aona, ndipo muwasonyeze pa mapu kuti anzao a ku zigawo zina ali nazonso zao, monga Kuomboka kwa Alozi ndi Mutomboko kwa Alunda a Mwata Kazembe.

Kwa makolo amene adzamva mau ano ndinena kuti nchitoyi si ya mphunzitsi yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwana akabwera ndi mafunso madzulo, musamthamangitse. Khalani naye pansi mumuuze.

Aphunzitsi, ana amene ali m'manja mwanu lero ndiwo adzaponya voti ndi kusunga dziko lino ife titapita. Mtengo auongola ukali wauwisi. Akadziwa kumene mudzi wao unacokera ndi m'mene unalumikizikira ndi midzi ya anzao, mau akuti Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi adzawanena akudziwa mtengo wace.