Ciwongo ndi Magazi

Masiku ano munthu akhoza kutumiza malobvu ace kwa akatswiri opima DNA, ndipo iwo amamuuza anthu amene ali nao magazi amodzi. Koma munthu wa ku Cipata ayenera kuwerenga yankho lotere mosamala.

Pali cizindikiro cimene mwana wamwamuna amalandira kwa atate wace okha, ndi cina cimene mwana ali yense amalandira kwa amai ace. Koma ciwongo sicitsata magazi nthawi zonse. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, anagwira anthu a mitundu yambiri paulendo wao, nawalera m'midzi mwao. Zidzukulu za anthu amenewo ndi Angoni ndithu, ndipo zimabvina ngoma pa Nc'wala ku Mtenguleni. Aphiri ndi Abanda naonso ngocuruka, sanaturuke onse m'mimba imodzi ai.

Cifukwa cace amuna awiri a ciwongo cimodzi akapezeka osiyana magazi, asafulumire kuneneza cigololo agogo amene anagona kale, kapena kukana mbale wao. Ayambe afunsa akuluakulu kumudzi, pakuti iwo ndiwo adziwa amene analera munthu namupatsa dzina.