Kusankha Mbewu za M'dimba ku Madera Okwera

Alangizi anzanga, madera okwera monga Dedza, Tsangano ku Ntcheu ndi Angonia ku Mozambique ali ndi nyengo imodzi, ngakhale kuti pakati pawo padutsa malire a maiko. Tikakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake kabichi, mbatatesi, nsawawa ndi karoti zimakondwa kumeneko pamene ku Chigwa cha Shire zimavutika.

Komabe musalangize mlimi musanaone pamene pali dimba lake. Usiku wa mu June ndi July mpweya wozizira umatsetsereka kuchokera ku phiri nukakhazikika m'dambo, ndipo chisanu chimawaula tomato, nyemba, ngakhalenso mbatatesi imene. Kabichi, repu ndi anyezi zimapirira. Choncho mlimi wa pakati pa dambo ayambe ndi zimenezi, tomato adikire mwezi wa August. Mnzake wa chakumtunda pang'ono angathe kuwokera msanga.

Pa anyezi ndi pamene ambiri timalakwa, poganiza kuti mbewu ya ku dziko lozizira iyenera malo ozizira. Anyezi amaika mutu potsata kutalika kwa usana. Kwathu kuno usana sutalika kuposa maola 13, pamene mitundu yambiri ya ku Ulaya imafuna maola 14 kapena kuposerapo. Mlimi amathirira miyezi isanu nakolola masamba okhaokha. Muuzeni agule Texas Grano kapena Red Creole, ndipo awerenge dzina pa paketi asanapereke ndalama.