Mau a Wapampando pa za Wailesi ya m'Boti Lathu



Nyanja iyi imatidyetsa, koma mwera ukauka sisankha munthu. Akuluakulu akumbukira sitima ya Vipya imene inamira mu 1946 pafupi ndi Chilumba, nafa anthu 145. Ngati chitsulo chinamira, nanga boti lamatabwa? Nchifukwa chake tinasonkha ndalama ndi kugula wailesi yolankhulirana.

Tsono anyamata amene mudzaiika m'botimo, tcherani khutu. Ikhale pouma, patali ndi kampasi. Moto wake uchokera ku batire ya mavolti 12: waya wofiira apite pa chizindikiro cha mtanda, wakuda pa cha mzere. Pa waya wofiirayo, pafupi ndi batire, ikanipo fyuzi, kuti mawaya akakhudzana boti lisapse. Mlongoti uime chilili pamwamba penipeni, pakuti ukatalika mau apita kutali. Musalankhulepo mlongoti usanalumikizidwe, mungaononge wailesi.

Nambala 16 njoitanira thandizo pa bvuto. Si yofunsira mtengo wa usipa ai. Ndipo kuitana popanda wakumva nkwachabe. Wailesi inzake idzakhala kumtunda kwa mlembi wathu, ndipo tidzasinthana kuimvera usana ndi usiku. Mutu umodzi susenza denga.